Nsalu Sizifa

Ambiri a inu m'parishi muno simundidziwa, koma mwakhala mukundiona. Ndine nkhalamba ija ya chikwama chakuda imene imakhala pabenchi yomalizira, pafupi ndi khomo, ngati munthu wokonzeka kuthawa. Sindine wobadwira kuno. Ndayenda malo ambiri, ndagona m'madepoti ndi m'makonde a masitolo, ndipo chuma chimene ndatola m'njiramo ndi nkhani za anthu basi. Sukulu ndinalekeza panjira, choncho mukapeza popindika m'kalembedwe kanga mundikhululukire. Ndapempha malo m'kanyuzipepala ka parishi kano kuti ndifotokoze moyo wa mayi amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, amene nonse munkawatchula kuti Anasimbi. Mumati nkhani yawo mumaidziwa, poti mwaimva m'tchalitchi kambirimbiri. Ine ndikuti mumadziwa theka, ndipo theka limenelo ndi limene linatsala pang'ono kuwachotsera Mulungu mumtima.

Anasimbi anabadwira m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yogona alendo, kumene bambo awo ankachapa ndi kusita. Mayi awo anamwalira iwo asanadziwe kuyenda, ndiye anakulira pakati pa mabeseni ndi zingwe zoyanikapo. Ankandiuza kuti fungo loyamba limene amakumbukira si la munthu ayi, koma la nsalu yonyowa ikakumana ndi simbi yamoto. Asanafike msinkhu woona pamwamba pa tebulo, bambo awo ankawaimika pabokosi la sopo n'kuwapatsa timipango ta alendo kuti aphunzirirepo. Simbi yake inali ya makala ija, yolemera, yokhala ndi katambala kachitsulo pachotsekera. Anaphunzira kuikupiza kuti makala ayake, kuiyesa kutentha ndi kadontho ka madzi, kuipukuta kunsi kuti phulusa lisadetse chovala cha eni. Bambo awo anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, ndipo lamulo lawo linali limodzi lokha: nsalu ukaiyamba usaisiye pakati, chifukwa simbi ikazizira uyambiranso, ukaiiwala pansalu yapsa. Mwanayo analimeza lamulo limeneli, ndipo linakhazikika m'mafupa mwake mpaka ukulu.

Ali mtsikana analowa kalasi ya ubatizo. Sisitere wina wokalamba, amene manja anali atayamba kumunjenjemera, anaona kolala ya diresi la mtsikanayu ili mbee, yopanda khwinya ngakhale limodzi, n'kufunsa kuti amamusitira ndani. Atamva kuti amasita yekha, anamugwira dzanja n'kumulowetsa m'chipinda chovalira ansembe. Anamuonetsa nsalu zoyala paguwa, mikanjo yoyera, kenako tinsalu ting'onoting'ono topukutira chikho.

"Zinazi uzichapa monga umachapira zovala za mlendo wolemekezeka," anatero sisitereyo. "Koma tinsalu iti timakhudza Thupi ndi Magazi a Ambuye. Uziyamba watitsukuluza patokha m'kabeseni aka, popanda sopo. Madzi akewo usataye m'ngalande. Uzikawathira padothi, pamalo posaponda anthu."

Mtsikanayo anasankha kamalo kuseri kwa tchalitchi, m'tsinde mwa khoma. Kuyambira tsiku limenelo, Lolemba lililonse ankagwada pamenepo n'kuthira madzi aja pang'onopang'ono, ngati akumwetsa khanda.

Anakwatiwa ndi munthu wosoka nsapato, amene ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ya zitsulo. Anali munthu wanthabwala, wokonda kuimba mluzu misomali ili kukamwa, ndipo dzina la Anasimbi anawapatsa ndi iye. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ndipo tebulo lodyerapo linalinso lositirapo, choncho kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka banja lonse linkadya mbale zili pamiyendo.

"Anasimbi," mwamunayo ankatero, "malaya anga akuoneka ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Kodi ndipite ndikaphunzire unsembe kuti nanenso ndizisitiridwa?"

"Pitani, bambo ake. Koma akakakufunsani za ine mukati chiyani?"

"Ndikati ndinu nsalu ya paguwa, ndinakupezani mutagwa pachingwe."

Ankaseka, kenako malaya aja ankasitidwa pomalizira, makala atatsala pang'ono kuzima.

Zaka zimenezo Anasimbi ankaikonda ntchito yawo. Musaganize kuti ankakakamizidwa. Ankati akamasita nsalu ya paguwa amakhala akucheza ndi Mwini wake, ndipo ankaimba chapansipansi mpaka mkono kuiwala kulemera kwa simbi. Koma mpingo ukapeza munthu wosakana, umamusenzetsa mpaka utamva khosi likulira. Sisitere uja anamwalira. Ansembe ankabwera ndi kupita, aliyense n'kusiyako kamtolo kake. Kunabwera mikanjo ya otumikira Misa, kunabwera zovala za kwaya, kunabwera makatani a nyumba ya ansembe ndi nsalu za patebulo za misonkhano ya akuluakulu. Pamsonkhano uliwonse, nkhani ikafika pochapa, mawu ake anali amodzi: apatseni Anasimbi, sakana amene aja.

Mwana wawo atakula n'kuyamba kugwira ntchito kwa telala wina, mwamuna uja anadwala chifuwa. Anasiya kupita kukhonde kuja, kenako anasiya kutuluka panja, kenako anasiya mluzu. Achipatala anamubweza kuti azikamwera mankhwala kunyumba, ndipo aliyense woona anadziwa tanthauzo lake. Sabata yomweyo kunamveka kuti ambuye episkopi akubwera Lamulungu kudzapereka sakramenti la ulimbitso. Amayi apampando a bungwe la amayi ankadziwa bwino za matendawo, poti anali atabwera kudzazonda. Komabe mtolo unafika, waukulu kuposa masiku onse, ndipo pamwamba pake panali nsalu yaitali ya zoluka m'mphepete imene imayalidwa pamasiku aakulu okha.

Linali Loweruka masana. Mwana anali atapita kukagula mankhwala. Anasimbi anali pakati pa nsalu yaitali ija, simbi itafika pa kutentha kwenikweni kumene zoluka zimafuna. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka kuti utsi wa makala usamutsokomoletse wodwala.

"Anasimbi," mawu anamveka kuchipindako.

"Ndikubwera, bambo ake. Nditsirize kaye mbali iyi."

Anapitiriza. Patapita kanthawi mawu anamvekanso, otsika.

"Amake mwana, tabwerani."

"Kwatsala pang'ono. Simbi ingazizire."

Sanaitanenso. Anasimbi anatsiriza nsalu ija, anaipinda bwinobwino, anakhuthula makala panja, anasamba m'manja, n'kulowa ndi kapu ya madzi. Anamupeza atatembenukira kukhomo, maso ali kuchitseko, dzanja likulendewera kumbali kwa bedi. Thupi linali lisanazizire. Chimene ankawaitanira sanachidziwe mpaka tsiku lawo lomwalira.

Amayi apampando anafika pamaliro madzulo omwewo. Analira nawo, anaimbitsa nyimbo, ndipo potuluka anawerama n'kuwanong'oneza namfedwa kuti, "Pepani mayi, kodi nsalu ija munatha?" Anasimbi analoza pamwamba pa kabati. Mawa lake guwa linawala, ndipo ndamva kuti ambuye episkopi anayamikira.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene mpingo unachita chinthu chimene anthu osapemphera sakanachiganiza n'komwe. Pa Misa ya maliro, bambo mfumu a nthawi imeneyo, amene anali atamva nkhaniyi kwa amayi apampando, anaiika mu ulaliki. Anati taonani mayi uyu, mwamuna wake akutsirizika m'chipinda iye sanasiye nsalu ya Ambuye. Anati umu ndi mmene munthu amaikira Mulungu patsogolo. Anthu anang'ung'udza movomereza. Anasimbi anali pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi bokosi, ndipo anandiuza kuti anamva ngati wina wawaika simbi yamoto pachifuwa n'kuiiwala pomwepo.

Ansembewo sanali oipa mtima. Ankaganiza kuti akutonthoza. Koma nkhani ija inakoma m'makutu, ndipo sinathere pamaliro. Aphunzitsi a katekisimu anaitenga. Pa tsiku losankha ogwira ntchito za mpingo, anthu akamakana maudindo, wina ankaimirira n'kuti, inu mukudandaula za ana ndi za malonda, nanga Anasimbi? Anthu ankaomba m'manja n'kutembenuka kuwayang'ana. Chaka ndi chaka bala lija ankalitsegula pagulu, n'kulikongoletsa ndi maluwa.

Mwana wawo sanapirire. Tsiku lina atabwera ku Misa anavula mpango n'kuuponya pabedi.

"Amayi, mwamva? Akuombera m'manja kuti bambo anafa okha."

"Usalankhule choncho, mwana wanga. Ndi atumiki a Mulungu."

"Ndiye Mulungu wawoyo amufunse kuti malaya ake amafuna kolala yotani. Ine kumeneko sindipondako."

Ndipo sanapondekodi.

Anasimbi sanasiye ntchito. Mtolo unkabwera, mtolo unkabwerera woyera. Koma kuimba kunatha. Ankati si mkwiyo umene unayamba ayi, koma kutopa, kutopa kwa mtundu wina kumene tulo sitingakuchotse. Ankagwira kolona, milomo n'kumayenda, koma mawu ankangogwa pansi ngati mchenga wouma. Akayala nsalu patebulo sankamvanso kuti ali ndi wocheza naye. Ankangoona nsalu, yaitali, yopanda nkhope, yofuna kusitidwa. Kenako anasiya kulandira Ukaristia. Anthu akamanyamuka kupita kutsogolo, iwo ankatsala pabenchi mutu uli pansi. Mumtima mwawo munali mutalowa ganizo limene sankatha kuliuza munthu: ngati Mulungu anakondweradi ndi zimene zinachitika Loweruka lija, monga ankanenera paguwa, ndiye kuti ndi Mulungu wofuna nsalu kuposa munthu, ndipo iwo sakanatha kutsegula pakamwa kuti amulandire.

Anayesa kupempha thandizo. Atabwera bambo mfumu ena, achinyamata, othamangathamanga ndi zomangamanga, Anasimbi anawadikirira pakhomo la ofesi.

"Bambo, ine ndatopa."

"Tonse timatopa, mayi. Koma inu ndinu mzati wathu. Mbiri yanu ndinaimva ndisanafike n'komwe."

"Si mikono ayi, bambo. Ndi m'katimu."

"Muzipemphera kwambiri. Satana amalimbana ndi olimba ngati inu." Anawagwira paphewa, anayang'ana wotchi, kenako anati, "Poti mwabwera kale, makatani a mu ofesi muno ada."

Anasimbi anabwerera kunyumba atasenza makatani.

Lolemba lina anatsukuluza tinsalu ta chikho m'kabeseni kaja monga mwa masiku onse. Ananyamuka kupita kukhoma kuja, koma atafika pa ngalande ya pampopi anaima. Anayang'ana madziwo, n'kuwakhuthulira m'ngalande, pamodzi ndi thovu la sopo ndi zotsukira mbale za ansembe. Ankati anachita dala, kuti mwina Mwini wake alankhule, ngakhale kukalipa kumene. Anaima pamenepo kudikira. Mpopi unkangodontha. Kumsewu galimoto inadutsa. Palibe chinachitika, ndipo kusachitika kumeneko kunawapweteka kuposa chilango chilichonse. Sabata yomweyo anabweza kiyi wa chipinda chovalira ansembe, n'kunena kuti maso ayamba kuwavuta.

Mungaganize kuti mpingo unathamanga kukafunsa kuti chavuta n'chiyani. Anabweradi amayi apampando, kamodzi. Anakhala pang'ono, anafunsa za maso, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Kabeseni kaja paja ndi ka mpingo." Nsalu anayamba kuzipereka kumalo ochapira ndi makina. Ena ankati Anasimbi alowa mpingo wina, ena ankati ukalamba wawasokoneza. Koma nkhani ya Loweruka lija sanaisiye kuinena. Inali itafika poti siifunanso mwini wake.

Anasamukira kwa mwana wawo, amene tsopano anali ndi makina akeake osokera, m'nyumba za lendi zondandana zokhala ndi mpopi umodzi pabwalo. Anakhala nthawi yaitali osachita kanthu. Ankakhala pakhonde manja ali pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, ngati zinthu zimene wina waiwala. Lamulungu ankapitabe kutchalitchi, n'kukhala kumbuyo, n'kutuluka anthu asanayambe kulandira. Simbi ija anaikankhira kunsi kwa bedi.

Kukhomo loyandikana nawo kunkakhala mlonda wina wopuma ntchito ndi mkazi wake. Mlondayu sanali wopemphera, ndipo ali ndi mphamvu ankadziwika ndi mowa ndi pakamwa. Anadzagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi, moti zonse ankachitira pogona. Mkazi wake ankakhalira kuchapa. M'mawa wina Anasimbi ali pakhonde, mayiyo anali pampopi, mikono ili m'thovu mpaka m'zigongono, mulu wa zofunda uli pambali. M'nyumba munamveka mawu olemera a munthu wa lilime lofa, akuitana.

"Ndikubwera," mayiyo anayankha osadzutsa mutu. "Nditsirize kaye izi."

Anasimbi ankati sakumbukira kuti anadzuka bwanji. Anangozindikira ali pampopi, atagwira beseni la eni.

"Lowani."

"Aa, agogo, izi n'zonyansa, si zoti inu mugwire. Akungofuna ndiwatembenuze, adikira."

"Ndati lowani. Nsalu sizifa."

Mayiyo anawayang'ana kumaso, anapukuta manja pachitenje, n'kulowa.

Anasimbi anachapa mulu wonsewo. Zinali zofunda za munthu wodwala, ndipo amene munadwazikapo mukudziwa zimene ndikunena. Pansi pa mulu anapeza kansalu kakang'ono kamene mayiyo ankapukutira pakamwa pa mwamuna wake akamamudyetsa. Manja anachita okha zimene anazolowera. Anatunga madzi oyera m'kambale, anakatsukuluza pakokha popanda sopo, anapita kuseri kwa nyumba m'tsinde mwa mpanda, anagwada, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Madzi ali pakati kutsika, m'pamene anazindikira chimene akuchita. Anafuna kudziseka kuti nkhalamba yasokonezekadi, kuchitira ulemu malovu a chidakwa. Koma kuseka sikunabwere. Dothi linamwa madzi aja mwakachetechete monga linkamwera kukhoma la tchalitchi, ndipo anamva pakamwa pawo pakutuluka mawu akuti, Ambuye, muli kuno kodi. Ankati limenelo linali pemphero lawo loyamba m'zaka zambiri limene silinagwe pansi.

Sindikunamizani kuti tsiku lomwelo zonse zinatha. Kutopa kwa mtundu umenewu kumachoka monga kumachokera kutupa, pang'onopang'ono, masiku ena n'kubwereranso. Koma mawa lake anapitanso pampopi, ndi mkuja wake. Mlonda uja atamwalira, mkazi wake anali atamugwira dzanja, pamene Anasimbi anali panja akufinya bulangeti. Kuchokera apo anagula beseni lawolawo. Akamva kuti khomo lakutilakuti kuli matenda aakulu, ankafika osaitanidwa. Sankalalikira, sankaimbitsa nyimbo, nthawi zambiri m'nyumba sankalowamo n'komwe. Ankangofunsa kuti zochapa zili kuti, n'kumuuza wodwazika kuti, lowani, mukakhale naye, nsalu sizifa. Sankafunsa kuti ndi a mpingo uti. Anachapira a mipingo ina, a chipembedzo china, ndi ena osadziwa khomo la tchalitchi lililonse. Ntchito imeneyi inalibe bungwe, inalibe yunifolomu, ndipo palibe anaiomberapo m'manja.

Patapita nthawi anapita kukalapa kwa wansembe wina wokalamba, wogontha khutu limodzi, amene ankabwera kudzathandiza. Ndinawafunsa kuti anakalapa za madzi a m'ngalande aja kodi.

"Zimenezo ndinanena, koma zinali zazing'ono," anatero. "Chachikulu ndinakalapa kuti ndinamunamizira Mulungu. Ndinkaganiza kuti nayenso ankaomba nawo m'manja."

Lamulungu lotsatira anaima pamzere, manja atang'ambikang'ambika ndi sopo, n'kulandira. Ambiri a inu simunaone, chifukwa anachokera kumbuyo n'kubwerera kumbuyo.

Ine ndinawadziwa mochedwa. Ndinafika m'dera lino mwendo utatupa, n'kupeza kachipinda kumapeto kwa nyumba zondandana zija, ndikuganiza kuti ndikhala pang'ono ndipitirize ulendo. Malungo anandigwetsa. Tsiku lina ndinamva kugogoda, n'kuona gogo wamfupi, wowerama msana, beseni lili m'chiuno.

"Achikwama, akuti mukufa. Zochapa zili kuti?"

"Sindikufa, mayi. Ndikungopuma."

"Fungo la m'nyumba muno si la munthu wopuma. Wokudwazikani ndani?"

"Ndilibe."

"Mkazi? Ana? Ngakhale mlongo?"

"Ndinawasiya m'njira, mayi. Ena anandisiya ndi iwo."

Anayang'ana mulu wa zovala pakona, anayang'ana ine, n'kuika beseni pansi.

"Ndiye lero nsalu zidikire," anatero, n'kukhala pampando.

Anakhala nane masiku ambiri, akuchapa ndikagona tulo, ndikadzuka n'kuwapeza pampando paja. Ine ndi munthu wofunsa, ndipo iwo anali atafika msinkhu wosabisa. Umo ndi mmene ndinamvera zonse ndalembazi, zina kwa mwana wawo ndi kwa mkazi wa mlonda. Nditachira ndinamanga chikwama kangapo, koma sindinapite. Ankandiseka kuti, Achikwama, msewu wakukanani kodi, ine n'kuti ndikudikira mwendo. Mwendo unali utachira kalekale.

Chaka chino mphamvu zinawathera. Sanadwale mopweteka, ankangochepa, ngati sopo wa pampopi. Atagona osadzukanso, mwana wawo anatseka makina n'kuyamba kuwadwazika. M'mawa woyamba umene anatulutsa zofunda kupita nazo pampopi, anapeza mkazi wa mlonda ataima kale pamenepo, ndi amayi ena a makomo amene Anasimbi anachapako, aliyense ndi beseni lake. Mkazi wa mlonda anamulanda mtolo uja.

"Lowa, mwana iwe. Ukudziwa kale mawu ake, usandivutitse kuwanena."

Kuyambira pamenepo mwanayo sanagwirenso sopo. Chitseko cha kuchipinda sichinkatsekedwa. Tsiku lina anangotuluka pang'ono kukaika madzi pamoto, n'kumva, "Mwana wanga." Anasiya ketulo pansi n'kuthamanga.

"Ndili pano, amayi. Mukufuna chiyani?"

"Palibe. Ndimafuna ndione ngati ubwere."

"Amayi inu, mundiphetsa ndi mtima."

"Bambo ako mwina ankangofunanso zomwezi," anatero. Kenako anawonjeza kuti, "Ndikakawapeza ndikawafunsa. Akayamba ndi nthabwala, ndikuwadziwa."

Wansembe wokalamba uja anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Mwana wawo, amene sanaponde m'tchalitchi kuyambira tsiku la mpango lija, sanatuluke m'chipindamo. Anawadzutsa mutu kuti athe kumeza, n'kuwapukuta pakamwa ndi kansalu. Wansembe atapita, mayi ake anamuyang'ana, n'kuyang'ana kansaluko. Mwanayo anatola kansaluko. Anatunga madzi m'kambale, anakatsukuluza, n'kupita nawo kumpanda. Anasimbi anamwalira mawa lake dzuwa litakwera, dzanja lawo lili m'dzanja la mwana wawo, panja pakumveka amayi akufinya nsalu ndi kukangana za chingwe. Anangopuma mozama kamodzi, ngati munthu amene watula mtolo pakhomo.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma pa Misa ya maliro awo munalipo, ndipo munamva. Mmodzi wa akuluakulu a mpingo, munthu amene sanawaonepo ali ndi beseni, anaimirira kunena mbiri ya malemu. Anati mayi awa anatumikira guwa zaka zambirimbiri, zimene n'zoona. Kenako anakweza mawu n'kuti, ngakhale tsiku limene mwamuna wawo ankatsirizika, sanasiye nsalu ya Ambuye. Ena munayamba kuomba m'manja. Mwana wawo, amene chifukwa cha mayi ake anali atalowa m'tchalitchi koyamba chichokere tsiku la mpango lija, anadzuka pafupi ndi bokosi n'kutuluka. Mkazi wa mlonda anamutsatira. Za mabeseni sizinatchulidwe.

Ndiye chifukwa chake ndalemba. Sindikuimba mlandu munthu mmodzi, poti amene anayamba nkhaniyi ambiri anagona kale. Nsalu za paguwa ziyenera kuyera, ndipo Anasimbi sananyozepo ntchito imeneyo ngakhale tsiku limodzi. Koma ndikupemphani, bambo mfumu ndi inu nonse, nkhani ya Loweruka lija muiike m'manda pamodzi ndi mwini wake. Sinali nsembe ayi. Linali tsoka la mayi amene anaphunzitsidwa kusasiya nsalu pakati, n'kutumiziridwa mtolo ndi anthu odziwa kuti m'nyumbamo muli wodwala. Ngati mukufuna chitsanzo chouza ana a katekisimu, auzeni za gogo amene anatopa mpaka kusowa Mulungu paguwa, n'kukamupeza kuseri kwa mpanda, m'kansalu ka chidakwa. Ndipo wina mwa otumikira anu akadzakuuzani kuti watopa, musadzamupatse makatani.

Dzulo ndinapita kukatsanzika kwa mwana wawo, chifukwa chikwama ndamanganso ndipo ulendo uno ndipitadi. Sanabwererebe kutchalitchi, ndipo sindinamufunse. Koma pakhonde panali beseni la mayi ake lili lonyowa, ndipo anandiuza kuti kuseri kwa msika kuli mayi wina amene akudwazika mwana. Potuluka ndinapunthwa pachinthu cholemera. Inali simbi ija, ya katambala kachitsulo, yopanda makala. Anaitulutsa kunsi kwa bedi n'kuitsamiritsa kuchitseko cha kuchipinda, kuti chisamatsekeke.